Chithunzi cha ku Manila ndi dzina losowa la wothyola tiyi wa ku Ruda

Chinthu choyamba chimene munthu amaona akalowa mu National Museum of Fine Arts mumzinda wa Manila ndi mitembo. Chithunzi chimene chimamulonjera, cha mamita oposa 4 m'mwamba ndi oposa 7 ndi theka m'litali, chimaonetsa amuna akukwekweretsa pansi matupi amagazi, khamu likusuzumira cha kumanzere, ndipo cha kumanja mayi wina wakhala pansi atafulatira, mutu uli chowerama. Dzina lake ndi Spoliarium, mawu a Chilatini otchulira chipinda cha pansi pa bwalo la masewera ku Rome wakale, kumene ankavula zida ndi zovala anthu amene afera m'bwalo posangalatsa oonerera. Anachijambula ndi Juan Luna, mnyamata wa ku Badoc kumpoto kwa Philippines, ali ku Rome, ndipo mu 1884 chinapata mendulo ya golide pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Madrid, likulu la dziko limene linkalamulira kwawo. Lero ana asukulu amafola kukachiona, makolo amajambulitsa pamaso pake, ndipo kuyambira 2016 kulowa m'nyumbayo ndi kwaulere. Chodabwitsa n'chakuti m'chithunzi chonsecho mulibe Mfilipino ngakhale mmodzi, mulibe mpunga, mulibe nyanja, mulibe wansembe wa ku Spain. Muli Aroma okhaokha. Komabe dziko lonse limachiloza n'kunena kuti ndife amenewo.

Mfundo imene ndikufuna kuiteteza ikuchokera pomwepa. Chithunzi sichibadwa chili cha dziko. Chimasanduka cha dziko pamene anthu aima patsogolo pake, n'kutchula dzina la wochipanga ndi kwawo, n'kuvomera kuti masautso ali mmenemo ndi awo. Spoliarium inalandira ulemu umenewu pa tsiku lodziwika, 25 June 1884, pa phwando limene Afilipino okhala ku Madrid anakonzera Luna ndi mnzake Félix Resurrección Hidalgo, yemwe anapata mendulo ya siliva pa chionetsero chomwecho. José Rizal, amene panthawiyo anali wophunzira zaudokotala, anaimirira n'kulongosola kuti chithunzicho ndi chifaniziro cha moyo wa anthu a kwawo pansi pa ulamuliro wa Spain, ndipo kuti luso silisankha dziko. Patapita zaka 12 Rizal anawomberedwa ku Manila pa 30 December 1896, ndipo kumasulira kwake kunakakamira pa chinsalucho ngati utoto wachiwiri. Chinsalu chenichenicho chinatsalira ku Spain, chitagulidwa ndi akuluakulu a chigawo cha Barcelona, ndipo chinafika ku Manila m'zaka za m'ma 1950 chili chodulidwa patatu chifukwa cha kukula. Afilipino anali atachitenga kale kukhala chawo kwa zaka 70 ambiri a iwo asanachione ndi maso. Nkhani imeneyi ikatengedwa n'kuikidwa m'chigwa cha Honde kum'mawa kwa Zimbabwe, imaunikira chinthu chimene ambiri timachilongosola molakwa. Timati anthu a m'makomboni a tiyi ndi fodya sapezeka m'nyumba zosungiramo mbiri ya dziko chifukwa analibe luso, kapena analibe nthawi. Umboni ukusonyeza kuti luso linalipo ndipo linafika mpaka ku Paris. Chimene chinavulidwa panjira ndi dzina.

Ruda ili pafupi ndi Hauna, m'chigwa chotentha ndi chamvula chimene chimatsika kuchokera m'munsi mwa phiri la Nyangani kulowera kumalire a Mozambique, kumene mtsinje wa Pungwe umadutsa ndipo mathithi a Mtarazi amaonekera patali. Tiyi anachedwa kufika kuno. Ku Mulanje anayamba kumudzala pamalonda cha m'ma 1891, ndipo ku Chipinge, kum'mwera kwa Honde, anayamba mu 1924 pa munda wa New Year's Gift, pamene Arthur Ward ndi Grafton Phillips, amene anadziwira ulimiwu ku India, anadzala mbewu zimene zinabala kampani ya Tanganda, dzina lotengedwa ku mtsinje wa komweko. Pambuyo pake kunabwera Ratelshoek, Jersey, Zona ndi minda ina. Ku Honde nkhalango zinayamba kugwetsedwa m'zaka za m'ma 1950 kuti pakhale maesiteti a Aberfoyle ndi Eastern Highlands, kenako boma linatsegula Katiyo. Tiyi ndi mbewu yadyera pa manja a anthu. Masamba awiri ndi kansonga kamodzi ayenera kuthyoledwa akadali anthete, dengu lili kumsana, mvula ikugwa kapena ayi, ndipo tsamba likagona limawonongeka. Choncho esiteti iliyonse inkafuna anthu ambirimbiri okhala pafupi, m'komboni, odzuka ndi belu, olandira mgwazo kwa kapitawo, okaima pa sikelo madzulo. Eni nthaka a kumeneko, Amanyika ku Honde ndi Andau ku Chipinge, anali ndi minda yawo ndipo nthawi yothyola tiyi wambiri ndi yomwe ija yolima chimanga. Mpata umenewo unadzazidwa ndi alendo, ambiri ochokera tsidya la Mozambique, ndipo pakati pawo panali anthu a ku Nyasaland.

Njira yobwera nayo inali yakale kuposa tiyiyo. Msonkho wa nyumba ndi thangata zinathamangitsa amuna m'midzi ya Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Mulanje kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1900. Ena anapita pansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, masabata angapo ali panjira. Ena analembedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, loyamba lija limene anthu ankalitcha chibalo, kenako Mthandizi, ndipo ena anakwera malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, linkayendetsa kuti alendowa asapitirire ku migodi ya Joni. Kafukufuku wa boma la Nyasaland wa mu 1935 anadandaula za midzi yotsala ndi akazi ndi nkhalamba zokha, ndipo Chichewa chinapeza mawu ake ake otchulira amene sanabwerere, matchona. Mtchona anali munthu wa mayina ambiri. Kwawo anali Phiri kapena Banda, Mbewe kapena Mwale. Pa chitupa analembedwa dzina limene kalaliki anamva kapena limene bwana anatha kulitchula. M'kaundula wa esiteti anali nambala ya tikiti. Kwa anansi ake anali Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, ngakhale atakhala kuti mzindawo sanaupondemo. Kuvula munthu dzina kunayambira pa tebulo la kalaliki, kalekale nyumba ya zaluso isanamangidwe.

Chigwa cha Honde chili ndi chipinda chake cha pansi pa bwalo. Nkhondo yomenyera ufulu itakula pambuyo pa 1975, Mozambique atalandira ufulu, chigwachi chinasanduka khomo lolowera asilikali omenyera ufulu a ZANLA. Ruda inali malo a apolisi ndi asilikali a boma la Ian Smith, yokhala ndi bwalo lake la ndege, ndipo anthu a m'midzi anasonkhanitsidwa m'midzi yotchingidwa ndi waya imene ankaitcha makipi. Wantchito wa pa esiteti anapanikizika pakati. Akapita kuntchito ankaoneka wodyetsa chuma cha azungu, akasiya analibe munda wothawirako, pakuti kwawo kunali kutsidya kwa mitsinje iwiri. Mu December 1976, zokambirana zothetsa nkhondo za ku Geneva zitangoimitsidwa, amuna 27 ogwira ntchito pa esiteti ya tiyi m'chigwachi anachotsedwa m'komboni usiku n'kuwomberedwa, mabanja awo ali pafupi. Pakati pa ophedwawo panali ochokera ku Mozambique ndi ku Malawi. Boma la Smith linaloza ZANLA ndipo linabweretsa atolankhani kudzajambula mitembo, pamene atsogoleri a omenyera ufulu analoza asilikali a boma. Wolemba mbiri Heike Schmidt, amene anafufuza za chigwachi kwa zaka zambiri, anatulutsa buku la nkhanza zimene anthu a ku Honde anakumana nazo mu 2013. Koma taonani kusiyana kwake ndi Manila. Zithunzi za mitembo ya ku Honde zinatengedwa, zinasindikizidwa, zinazungulira dziko lapansi, koma zinali zida za nkhondo. Mbali iliyonse inkafuna mitemboyo ngati umboni wotsutsira inzake, ndipo nkhondo itatha mu 1980 panalibe mbali imene inkaifunanso. Anthuwo sanali ngwazi zokaikidwa kumanda a ngwazi za dziko a Heroes Acre, sanalinso nzika zoti dziko latsopano lizilire. Palibe chojambula chodziwika dziko lonse chimene chinatuluka mu usiku umenewo.

Wina anganene kuti apa mfundo yanga yagwa, pakuti ngati palibe chojambula ndiye kuti panalibedi wojambula. Yankho lili makilomita mazana angapo kumpoto chakumadzulo, pa munda wa fodya. Nyumba ya zaluso ya dziko la Zimbabwe, imene poyamba inkatchedwa Rhodes National Gallery, inatsegulidwa ku Salisbury, Harare wa lero, mu July 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi chionetsero cha zojambula zobwereka ku Ulaya kuyambira za Rembrandt mpaka za Picasso. Mkulu wake woyamba, Frank McEwen, sanakhutire ndi kukoloweka zithunzi za azungu zokha. Anapereka utoto ndi zinsalu kwa alonda a m'nyumbayo, ndipo mmodzi wa iwo, Thomas Mukarobgwa wa ku Nyanga, mapiri omwe aja oyang'ana chigwa cha Honde, anafika pojambula zithunzi zimene zinagulidwa ndi Museum of Modern Art ku New York. Joram Mariga, amene anayamba kusema mwala wofewa wa ku Nyanga, anakhala tate wa luso latsopano la ziboliboli zamwala. Ndiye Smith analengeza mwa yekha ufulu wa Rhodesia pa 11 November 1965, mayiko anatseka misika, fodya anasowa wogula. Mlimi wina wa ku Guruve, Tom Blomefield, anatsala ndi antchito ambiri opanda chochita. Wosema wina, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa mwala wolimba wakuda umene unali m'phiri la pafupi, ndipo mu 1966 kunabadwa mudzi wa osema wa Tengenenge. Blomefield ankati dzinali ndi la Chichewa, lotanthauza chiyambi cha chiyambi. Mchewa wa ku Dedza angakande mutu pa kumasulira kumeneko, koma zoti mwini munda anafunafuna tanthauzo m'Chichewa osati m'Chishona zikutiuza chinenero chimene chinkamveka m'komboni mwake.

Osema oyamba a ku Tengenenge anali anthu omwe aja a chitupa ndi tikiti. Lemon Moses anali wa ku Malawi. Amali Malola anali Myao wa ku Malawi. Josia Manzi anabadwa kwa makolo achiyao ochokera ku Malawi. Barankinya Gosta ndi Wazi Maicolo anachokera ku Mozambique, Makina Kameya ku Angola. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, analowa mu Southern Rhodesia mu 1949, anathyola thonje, anaumba njerwa, analuka madengu, ndipo ku Tengenenge anayamba ndi ntchito yokumba miyala asanagwire chisemo. Nkhope zake zomwetulira, za maso ong'ambika pakati, zina zikuimba likhweru, zinamudziwitsa ku Ulaya mpaka imfa yake mu 2011. Anthuwa sanaphunzire kuona nkhope kwa McEwen. Anachokera ku miyambo imene nkhope yosemedwa ili ndi ntchito, kumene chilombo chimatuluka ku dambwe kudzavina pa maliro ndi pa chinamwali, ndipo amene amadziwa gule amaona m'ziboliboli zambiri zoyambirira za ku Tengenenge mphumi, mano ndi maso a ku bwalo. Pamodzi nawo panali Ashona aluso lalikulu, Bernard Matemera, Henry Munyaradzi, Sylvester Mubayi, ndipo palibe chifukwa chowachepetsera. Koma pamene luso la miyalali linakafika ku Musée Rodin ku Paris mu 1971, chionetserocho chinatchedwa cha Ashona a mu Africa, ndipo cha ku London chaka chotsatira chinatchulanso Ashona okha. McEwen anali atayambana kale ndi Blomefield, n'kusamutsira osema ake ku Vukutu kufupi ndi Nyanga, ndipo ankaphunzitsa ogula kuti luso limeneli likutuluka m'mizimu ya Chishona ndi m'mbalame zamwala za ku Great Zimbabwe. Dzina lija linamera mizu pamsika. Kwa zaka makumi angapo chiboliboli cha Myao wa ku Mangochi kapena Mchewa wa ku Chipata chinkagulitsidwa ku Amsterdam ndi ku California pansi pa chikwangwani cha mtundu umene si wake.

Chotsutsa champhamvu pa mfundoyi n'chakuti dzina la pamsika ndi dzina chabe. Osema ambiri analidi Ashona, ogula akunja ankafuna mawu amodzi osavuta, ndalama inkalowa m'thumba la Akuda ngakhale chikwangwani chinene zotani, ndipo akatswiri ambiri masiku ano anasiya mawu aja n'kumanena za ziboliboli zamwala za ku Zimbabwe. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zoonanso kuti mabuku a akatswiri sanabise kumene Moses kapena Manzi anachokera. Koma dzina limene akatswiri amalidziwa ndi dzina limene mwana wasukulu amaphunzira ndi zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho ndi chimene chimamanga dziko. Mtengo wa kusowa kwa dzinalo unaoneka pambuyo pa chaka cha 2000. Minda ya azungu italandidwa, antchito a m'makomboni zikwi zambiri anataya ntchito ndi pogona pamodzi, ndipo ochepa okha analandira nthaka. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti munthu aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anthu obadwira ku Mbare, ku Shamva kapena pa esiteti ya tiyi, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anapezeka ali ndi chilembo cha mlendo pa chitupa, osaloledwa kuvota. Pulezidenti Robert Mugabe anafika ponyoza anthu a m'tauni ochokera kunja kuti alibe mitupo, kutanthauza mifunda, mawu owawa kwa mtundu umene mfunda wake wa Phiri unalamulira Maravi zaka mazana apitawo. Munthu amatha kuchotsedwa m'kaundula wa voti mosavuta ngati anachotsedwa kale m'nkhani imene dziko limadzisimbira lokha. Dziko likanakula likudziwa kuti luso limene limanyadira kwambiri kunja linasemedwa ndi manja a matchona pamodzi ndi a eni nthaka, mawu akuti mlendo akanavuta kutuluka pakamwa. Malamulo aakulu a mu 2013 anakonza mbali ina. Anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera kumayiko a SADC, ndipo pa zinenero 16 zovomerezeka Chichewa chinalembedwa poyambirira, ngakhale kuti ulemu umenewo unabwera ndi ndondomeko ya zilembo basi.

Pali chotsutsa china chimene chimachokera kwa Achewa eni ake, ndipo ndimachilemekeza kuposa choyamba chija. Iwo amati luso lalikulu la mtundu wathu si la pakhoma. Gule wamkulu, amene ku Zimbabwe amamutcha zvigure ndipo wavinidwa m'migodi, m'minda ndi m'makomboni a m'tauni monga Mbare, Mufakose ndi Mabvuku kwa zaka pafupifupi 100, amakhala wamoyo pa bwalo, pa ng'oma, pa fumbi, pa nyimbo za amayi. Kasiyamaliro woikidwa kuseri kwa galasi salinso kanthu, ndipo zambiri za ku dambwe si zoonetsa osameta. Ngati zili choncho, akutero, kudandaula kuti sitili m'nyumba ya zaluso n'kufuna kuyezedwa ndi mlingo wa azungu. Ndikuvomera theka la mawuwa. Chilombo si chithunzi, ndipo myuziyamu imene ingachione ngati chithunzi yalephera isanayambe. Koma ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yake ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi tanthauzo la mwambo umene chilombo chilichonse chimaphunzitsa, pamene gule weniweni akupitirira kuvinidwa m'midzi yozungulira. Ku Chongoni, m'boma lomwelo, makolo athu anajambula okha m'mapanga zizindikiro zoyera za nyau ndi za chinamwali, ndipo malo 127 amenewo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Mtundu umene unalemba chinsinsi chake pathanthwe, mobisa tanthauzo koma moonetsa kuti tinali pano, sungauzidwe kuti kusiya chizindikiro pakhoma n'kwachilendo. Komanso nkhani ya mayina ikubweranso pano. Pamene UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, mayiko otchulidwa anali Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe, imene chaka chomwecho inalandira ulemu womwewo pa gule wa Mbende Jerusarema, sinali pa mndandanda wa gule wamkulu, ngakhale kuti m'dziko mwake muli madambwe amene anameta agogo, atate ndi zidzukulu motsatizana. Kunja anawayesa a ku Malawi, ku Malawi anawayesa otayika.

Enanso anganene kuti wothyola tiyi wa ku Ruda akufuna malipiro okwanira ufa ndi fizi, ndipo nkhani ya zithunzi ndi ya anthu okhuta. Pa malipiro palibe mtsutso. Mbiri ya tiyi ku Chipinge ili ndi mutu wonse wa ana amene ankathyola masamba m'mawa kuti aphunzire masana m'sukulu za pa esiteti, dongosolo limene linakhalapo kwa zaka zambiri ndipo ena amalitama kuti linawapatsa maphunziro pamene ena amaliona ngati ukapolo wa ana. Anthu amenewa sanasowe zodandaula zenizeni. Koma Afilipino a mu 1884 nawonso sanali okhuta. Alimi awo ankalipira msonkho ndi kugwira thangata lawolawo pansi pa Spain, ndipo ambiri sakanatha kuloza Madrid pa mapu. Chithunzi cha Luna sichinawonjezere mpunga m'nkhokwe ya munthu aliyense. Chinapatsa anthu obalalika m'zilumba zikwi zambiri, olankhula zinenero zosiyana, chinthu chimodzi choloza ponena za mavuto awo. Malipiro amakambidwa ndi anthu amene amaonedwa kuti ndi gulu lokhala ndi mbiri, ndipo munthu woonedwa ngati wodutsa amalandira za wodutsa ngakhale atakhala pamalopo mibadwo itatu.

Ndiyenera kuvomera kuti fanizo langa lili ndi malire, ndipo malirewo akuthandiza mfundoyi m'malo moifooketsa. Luna sanali wa m'komboni. Anali wa gulu la ophunzira amene anatha kupita ku Ulaya, anajambula nkhani ya ku Rome m'kalembedwe kamene oweruza a ku Madrid ankakonda, ndipo cholinga chake choyamba chinali mendulo. Sanalinso munthu woyera mtima. Mu 1892 anawombera mkazi wake ndi apongozi ake ku Paris, onse anamwalira, ndipo khoti la ku France linamumasula chaka chotsatira, nkhani imene Afilipino ambiri lero amaikamba poyera akaima patsogolo pa chithunzicho. Ngati chinsalu cha munthu wotere, chosaonetsa nkhope ya Mfilipino, chinatha kukhala kalilole wa dziko, ndiye kuti mphamvu yake yaikulu inachokera kwa oona. Luna anali ndi anzake odziwa kulemba, nyuzipepala zosindikiza mawu awo, ndi gulu la ndale limene linkafuna chizindikiro. Akuda ndi Malola analibe zimenezi. Owalembera anali ogulitsa ndi akatswiri akunja, ndipo omenyera ufulu a nthawi yawo ankamanga dziko la mitundu iwiri yaikulu, mmene mtchona analibe mpando. Boma la Kamuzu Banda, limene linkalandira ndalama za anthu ake ogwira ntchito kunja ndipo linatsegula nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri mu 1966, chaka chomwe Tengenenge inayamba, silinapite kukaitana ana akewo kuti adzaonetse ntchito zawo monga luso la Malawi. Anagwa pakati pa mayiko awiri, lililonse likuyesa kuti linzake ndi limene lili ndi udindo.

Ndiye tikafunsa chimene munthu wa ku Ruda angakaone atavala bwino Loweruka n'kukwera basi kupita ku nyumba ya dziko, yankho lili pafupi kuposa mmene tikuganizira. Kuchokera ku Hauna kufika ku Mutare ndi makilomita pafupifupi 100, msewu wokhotakhota wokwera kuchoka m'minda ya nthochi. Ku Mutare kuli myuziyamu ya dziko, yodziwika kwambiri ndi magalimoto akale, ngolo ndi mfuti za nthawi ya atsamunda, ndipo kuyambira 1999 kuli nthambi ya National Gallery of Zimbabwe m'nyumba ya Kopje House, imene inamangidwa mu 1897 monga chipatala choyamba cha tauniyo. Makoma alipo, ndipo ali m'chigawo chomwecho cha Manicaland chimene tiyi yense wa Honde ndi Chipinge amachokera. Zinthu zoti ziikidwe mmenemo zilinso, zina zili m'nkhokwe za ku Harare, zina zili pa udzu ku Tengenenge, zina zili m'masutikesi a nkhalamba za m'komboni: chitupa chakale chokhala ndi dzina lolakwika, tikiti yobowoledwa tsiku ndi tsiku, dengu, ng'oma, chithunzi cha ukwati chojambulidwa pa fakitale. Mayina a amuna 27 aja ayenera kuti analembedwa ndi kalaliki wa esiteti pa kaundula wa malipiro, ndipo ana awo, amene ambiri lero ali ndi zaka zoposa 50, angawadziwe pamodzi ndi midzi imene anachokera. Kakhadi kamene kamaikidwa pansi pa chiboliboli m'nyumba ya zaluso kamakwana mizere itatu kapena inayi. Pa ka Akuda pangakwane kulemba kuti Mchewa, wobadwira ku Zambia mu 1932, wothyola thonje, wokumba miyala, wa ku Chitungwiza, ndipo mawuwo angalembedwe m'Chingerezi, m'Chishona ndi m'Chichewa, chimene malamulo a mu 2013 anachivomereza kale.